Miyendo Yakumbuyo ya Ng'ombe

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6. Ntchito yanga ndi ya matabwa. Ku Glasgow ndinapita chifukwa cha mkazi wanga, amake Chisomo. Iwo ndiwo anapeza ntchito yosamalira nkhalamba. Ine ndi mwana tinatsatira pambuyo ngati katundu.

Kwathu ndi ku Dowa. Ndinagula njira ndili mnyamata, monga anyamata onse a m'mudzi mwathu. Za kudambwe sindinena pano, ndipo musandifunse. Ndingoti miyendo ndinali nayo, anthu ankaidziwa. Pofuna banja maso anga anagwera pa mwana wa mkulu wa mpingo. Bambo ake anati gule ndi mwana wawo sangagone nyumba imodzi. Ndinalowa kalasi, ndinabatizidwa. Koma mawu enieni ndinapereka kwa mwini wake, tili awiri kuseri kwa nkhokwe.

Iye anati, "Bambo anga mukhoza kuwanamiza. Ine ayi. Tsiku limene mudzabwerere ku zilombo, ine ndi inu kwatha."

Ndinati ndamva. Ndipo zaka zonse za ku Dowa ndi ku Lilongwe ng'oma ikalira ndinkatseka chitseko.

Nyumba tinapeza ku Easterhouse, kumapeto kwa mzinda, pamwamba pa anthu ena. Ntchito yoyamba inali yonyamula makatoni. Kenako a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu wa Amalawi, amene amagwira za makompyuta ku banki, anamva kuti holo ina ya zisudzo m'tauni ikufuna munthu wodziwa matabwa. Ananditengera pa galimoto yawo. Anandilankhulira Chingerezi. Ndinalembedwa.

Mzinda umenewo unandizunguza mutu. Kwathu ng'oma ikalira pali chifukwa. Wina wamwalira, kapena anamwali akutuluka, kapena akulonga mfumu. Kumeneko ng'oma imalira ngakhale Lolemba. Palibe wamwalira, palibe wakolola. Sitima imadzaza ndi amayi ovala zipewa za nthenga, akupita kukamvera woimba mmodzi. Amuna a ndevu avala masiketi, akupita ku mpira, akuimba ngati ali kudambo. Pamsewu wa masitolo munthu akufinya thumba kukhwapa, thumbalo n'kumalira ngati mbuzi yomangidwa pa njinga, anthu n'kumamuponyera ndalama. Atsikana akuyenda miyendo pamtunda, ine ndavala majekete awiri. M'mawa popita kuntchito ndinkalumpha masanzi ndi tchipisi, mbalame zoyera za kunyanja zikulimbirana. Ndinkanyansidwa. Komanso maso anga sankachokapo. Ndinkafuna kudziwa chimene anthuwa akuthamangitsa.

Ntchito yake nayo inali yodabwitsa. Tinkamanga nyumba ya kumaso kokha, kumbuyo kulibe kanthu. Chitseko chokongola, ukatsegula ukupeza khoma. Masitepe okwera kopanda malo. Sewero likatha, phwasulani. Matabwa abwino, owongoka, opanda mfundo, onse m'chimgolo cha zinyalala. Nthawi imeneyo n'kuti ndikutumiza ndalama kuti amayi anga afolere malata, achimwene akudandaula pa foni kuti mitengo ya denga yakwera. Ine kuno ndikutaya denga la mudzi wonse. Masiku oyamba ndinkazula misomali n'kumaiwongola. Anzanga ankandiyang'ana ngati wodwala.

Amene anandizolowera anali Tam, mkulu wa ku Dennistoun, wamfupi, mano ogula. Anakulira m'holomo. Chingerezi chake chinkatuluka ngati akutafuna chimanga chokazinga. Miyezi yoyamba ndinkangovomera ndi mutu. Iye ankanditchula Bigi. Ine ndinkamutchula madala, ndipo atamva tanthauzo lake anakondwa. Pa nthawi ya tiyi ankadya banzi loikamo tchipisi, ine mtedza wokazinga. Tinkasinthana.

Tsiku lina ndinamufunsa, "Madala, anthu inu mukusangalalira chiyani tsiku ndi tsiku?"

Anandilozera pazenera. Anali masana, koma magetsi a mumsewu anali atayaka kale.

"Ukuuona mdimawo, Bigi? Tikapanda kufuula tiluma makoma."

Yankho limenelo ndinayenda nalo. Sindinalivomere, sindinalikane.

Khirisimasi ikamayandikira kumabwera sewero la ana, iwo amati panto. Tsiku loyamba kuliona ndinaima pambali pa siteji nyundo ili m'manja, ndinaiwala kuti ndaigwira. Kunatuluka mwamuna wovala diresi, mabere a nsanza, masaya ofiira, akuyenda monyang'wa, akunyoza amuna a kutsogolo. Ndinati uyu ndi Maliya wa gule wa kwathu uja. Kunatuluka wina wakuda bii, utsi uli pambuyo, ana onse kukuwa, ena kubisala pansi pa mipando. Anthu ankayankha nyimbo, ankatukwana woipayo, ankachenjeza wabwinoyo. Palibe amene anakhala chete. Ndinati azungu awa ali ndi bwalo, koma analimangira denga.

Kenako kunatuluka ng'ombe. Ya nsalu, yamawanga, maso aakulu a zikope zazitali. Miyendo inayi, anthu awiri. Kutsogolo kunali Tam, kumbuyo mnyamata wina wa ku Partick. Inavina mopusa, miyendo yakumbuyo ikungokwekwereza. Ndinakumbukira zilombo za kwathu.

Chimene chinandipweteka chinali kuseri. Atangotuluka pa siteji, Tam anavula mutu wa ng'ombe n'kuuika pa tebulo, chitseko chili pululu, akazi akudutsa, ana ovina m'seweromo akudutsa. Anakhala pansi n'kumamwa tiyi, miyendo ikadali ya ng'ombe. Ine osaganiza ndinatseka chitseko, ndinatenga nsalu yakuda n'kufunditsa mutuwo.

"Ikumva kuzizira?" anatero Tam.

"Ana asaone."

"Asaone chiyani? Akudziwa kuti ndine. Mdzukulu wanga amauza kalasi yonse."

Koma tsiku lililonse ndinkaufunditsa, ndipo iye anasiya kufunsa.

Sewero lili pakati, mnyamata wa ku Partick uja anaterereka pa madzi oundana, bondo linathyoka. Sewero la masana linali pafupi kuyamba, ana a sukulu akutsika kale m'mabasi. Mayi woyendetsa sewero anatizungulira tonse a matabwa ndi a zingwe. Uyu wamtali kwambiri, uyu msana, uyu wakana. Tam anandigwira mkono.

"Bigi, palibe chovuta. Uwerama, ugwira lamba wanga, kumene ndikupita iwe ukubwera. Ndikulonjeza kuti sindidya nyemba."

Ndikanatha kukana. Palibe akanandichotsa ntchito. Lonjezo la kuseri kwa nkhokwe ndinalikumbukira bwinobwino. Koma ndinkafuna kudziwa chinthu chimodzi. Kodi m'katimo ndi chimodzimodzi? Ndinavula nsapato.

M'katimo suona kanthu. Uona pansi, ndi lamba wa mnzako. Fungo la thukuta la anthu a zaka zambiri. Mpweya wochepa. Phokoso la anthu limabwera ngati mvula ya kutali pa malata. Woimba ng'oma anayamba. Ng'oma zake si zathu, n'zachitsulo ndi pulasitiki, koma ng'oma ndi ng'oma. Ndinayenda monga anandiuzira. Kenaka mwendo wakumanja unapalasa wokha. Wakumanzere unayankha. Ana anakuwa. Tam anatukwana chapansipansi, "Ukutani kumbuyoko, iwe?" Koma sanaime.

Sewero likatha onse amabwera kutsogolo kudzawerama, anthu n'kumaomba m'manja. A m'ng'ombe nawonso amavula. Wakutsogolo amanyamula mutu m'manja, wakumbuyo amatuluka m'nsalu. Zimenezi palibe anandiuza. Tam anachotsa mutu, anatuluka, anakoka nsalu kuti nane ndioneke. Ine ndinaigwira m'kati ndi manja awiri.

"Tuluka, Bigi!"

"Ayi."

"Tuluka, akukuombera iwe!"

"Muli ana. Muli akazi."

Anakoka. Ndinakoka. Ndinabwerera chafutambuyo mpaka kuseri, theka la ng'ombe lopanda mutu. Holo yonse inagwa ndi phwete. Mayi woyendetsa sewero anabwera akupukuta misozi. Anati, "Chimenecho uzichita tsiku lililonse. Usasinthe kanthu."

Choncho matako a ng'ombe okana kutuluka anatchuka. Woimba ng'oma anayamba kuyang'ana miyendo yanga n'kumaitsatira. Tam anaphunzira kuima nji kuti ine ndipalase. Pa basi ya ku Easterhouse ndinamva ana awiri akukambirana za ng'ombeyo, ine ndili pambali pawo ndi chikwama changa cha zida. Ndinamva kukoma. Zimenezo sindibisa.

Amake Chisomo sindinawauze. Iwo ankagwira mashifiti aatali, tinkakumana pakhomo, wina akulowa wina akutuluka. Ndinkadziuza kuti ndi ntchito basi, ngati kukhoma msomali. Koma ndinaona kuti ndayamba zina. M'ng'ombemo ndinaleka kulankhula, ngakhale Tam andifunse. Mayi wochapa zovala akafuna kuitenga, ndinkati ndichapa ndekha. Ndipo kwathu munthu wa ntchito yotere sayandikira mkazi. Ndinangopezeka ndatenga bulangete n'kukagona pa mpando wa pabalaza.

"Mwayamba kugona uko bwanji, abambo a Chisomo?"

"Msana."

Anandiyang'ana.

Loweruka lina m'mawa ndikumwa tiyi, iwo anati, "Lero tikubwera kuntchito kwanu. A Mbewe agulira matikiti ana onse a Sande sukulu, ndi makolo omwe. Akuti tikaone nyumba zimene mbale wathu amamanga."

Chisomo analumphalumpha. Mwanayo Chichewa amamva koma amayankha Chingerezi cha a Tam. Anati anzake onse aiona kale ng'ombe ya matako amwano, watsala yekha.

Pa basi ndinaganiza zodwala. Koma wolowa m'malo panalibe, ndipo matikiti a ana anali atagulidwa. Ndinauza Tam kuti lero tiyenda pang'onopang'ono, ngati poyamba paja.

"Akazi ako ali muno?"

"Ndi mpingo wonse."

"Ndiye uvine kwambiri, chitsiru iwe."

"Madala, simukudziwa."

"Sindikudziwadi. Gwira lamba."

Ndinayesa. Mbali yoyamba ndinangokwekwereza miyendo. Koma woimba ng'oma anaona ngati ndatopa, anafuna kundidzutsa. Anamenya kolimba, anasiya mpata, anamenyanso, ndendende pamene mwendo umafunsira. Ndinaluma mano. Sizinathandize. Miyendo inapita. Inapalasa matabwa ngati pali fumbi, inabwerera, inanjenjemera, inaima pamodzi ndi ng'oma. Ndipo pakati pa kukuwa kwa ana a azungu ndinamva nthungululu. Imodzi, yaifupi, yodulidwa pakati ngati munthu wadzigwira pakamwa. Sinali ya mkazi wanga, mawu ake ndimawadziwa. Koma ndinadziwa kuti Amalawi aizindikira miyendo.

Nthawi yowerama inakwana. Ndinali chiweramire m'nsalumo, thukuta likudontha pamphuno. Ndinaganiza kuti ndikakana kutuluka monga mwa masiku onse, palibe angandiloze chala. A Mbewe sanaone nkhope. Ndikhoza kunena kuti ndinali kuseri ndi nyundo.

Kenako ndinadzifunsa chimene ndinkakanira kutuluka masiku onsewo. Sanali manyazi. Sikunali kuseketsa anthu. Linali lamulo la kudambwe, kuti chilombo sichivula pamaso pa akazi ndi ana. Ngati ndikusunga lamulo limenelo, ndiye kuti ichi ndi chilombo, ndipo ine ndabwerera. Ngati ndi nsalu chabe, munthu amatuluka m'nsalu.

Tam anachotsa mutu. Anagwira nsalu, analimbitsa miyendo kuti tikokane. Manja anga anakana kaye. Anali ngati a munthu wina. Ndinawatsegula chala chimodzichimodzi. Tam anakoka ndi mphamvu zake zonse, nsalu inabwera yopanda kanthu, iye anagwa chagada.

Ndinaweramuka. Kanali koyamba kuiona holoyo itadzaza kuchokera pamenepo. Anthu anaunjikana kukwera m'mwamba ngati phiri. Magetsi anandilasa m'maso. Ndinaima ndi buluku la ng'ombe lomangira m'mapewa, mchira uli lende. Ndinamva kuzizira ngati ndili maliseche pamsika. Kwinakwake mwana anakuwa, "Da! Da!" Anali Chisomo, akuitana bambo wake m'Chingerezi cha a Tam, ataimirira pa mpando, akugwedeza mnzake. Pambali pake amake anakhala tsonga, chikwama pamaondo, manja pa chikwama.

Pa basi Chisomo analankhula yekha njira yonse. Titafika anathamangira kwa anzake a nyumba yapansi kukawauza. Tinatsala awiri. Amake anavula jekete, analipachika, anakhala pa mpando umene ndinkagonapo uja.

"Munayamba liti kulowamo?"

"Chithyokereni bondo mnyamata uja."

"Ndiye msana uja ndi umenewu."

Anapitiriza.

"Miyendo ndinaiona itangoyamba. Mukuyesa mwana wa mkulu wa mpingo sankasuzumira pa mpanda? Ndinaidziwa kale ndisanadziwe nkhope yanu."

Zimenezo anali asanandiuzepo.

"Ana anandiuza kuti matako a ng'ombe imeneyi satuluka. Ndinati ndidikire pomaliza. Ndinati akakhala m'katimo lero, ine ndili pompano ndikuona, ndiye kuti asankha. Ndikanapempha a Mbewe atipezere kokhala, ine ndi mwana."

"Ndatuluka."

"Ndaona." Anatola bulangete lija n'kundiponyera. "Ili libwerere kuchipinda."

A Mbewe anabwera Lamulungu madzulo, ndi tayi. Anati abale ena akhumudwa, mavinidwe aja si a Mkhristu. Amake Chisomo anawathirira tiyi, anati, "Munthu wa gule munamuonapo akuvula pamaso pa akazi, abambo? Awa anavula. Za mavinidwe, kafunseni amene anaimba nthungululu. Anakhala pafupi nanu." A Mbewe anayang'ana m'kapu. Wa nthungululuyo anali mayi a kunyumba kwawo. Anapemphera, anapita. Nkhani inathera pomwepo.

Ng'ombe ndinapitiriza mpaka sewero linatsekedwa, ndipo tsiku lililonse ndinkatuluka n'kuwerama. Anthu ankaseka pang'ono kusiyana ndi kale. Mayi woyendetsa sewero anandipempha kuti ndibwezere zakale zija, ndinakana. Miyendo inkavinabe, koma m'katimo munasanduka mongotentha ndi monunkha. Chimene ndinapita kukafuna ndinachipeza, ndipo ndinachitaya ndekha. Mutu uja ndinasiya kuufunditsa. Tsiku lina ndinapeza Tam ataufunditsa yekha.

"Ndazolowera," anatero. "Ukakhala pamtunda umandiyang'ana."

Amayi anga anamwalira ine ndili konko, m'nyumba ya malata ija atagonamo pang'ono. Maliro sindinakhalepo. Tinapita pa nthawi ya chiliza, tonse atatu. Mudzi ndinaupeza wina. Njinga zamoto ponseponse, mwana aliyense foni m'manja. Zilombo akuti masiku ano zimavina ndi pa misonkhano, anthu akujambula. Achimwene anga aakulu tsopano ndiwo oyang'anira bwalo. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango. Ndinatambasula dzanja, sanalilandire. Anatulutsa foni. Chisomo anali atatumizira asuweni ake vidiyo ya tsiku lija, ndipo inayenda mudzi wonse.

"Uyu ndi iwe?"

"Ndine."

"Unavula pamaso pa akazi."

"Inali nsalu ya azungu, achimwene."

"Nanga miyendoyi ndi ya azungu?"

Anaibwereza vidiyoyo, anaiyandikitsa kumaso.

"Wakutsogoloyu ndi wa kuti? Miyendo alibe."

"Ndi mkulu wina. Munthu wabwino."

"Akukulemera." Anaika foni m'thumba. "Mawa zilombo zikubwera kudzalira amayi. Iwe uli ndi mlandu kudambwe. Upereke tambala. Ukapanda kutero, ine ndi iwe sitidyera mbale imodzi."

Ndinawauza amake Chisomo madzulo ake. Ndinkayembekeza moto, chifukwa kupereka tambala kudambwe n'kuvomera kuti kumeneko akadali ndi mawu pa ine. Iwo anamvetsera mpaka ndinamaliza. M'mawa anamanga chitenje, anakwera njinga yamoto ya ku Mponela. Anabwera dzuwa lili pamutu ndi tambala wofiira, wamkulu, miyendo yomanga ndi luzi. Anamuika m'manja mwanga.

"Kaperekeni. Ndi achimwene anu, ndipo amayi ndi anu. Koma mukawauze kuti ameneyu ndi wotsanzikira."

Ndinamunyamula kukhwapa mpaka pamene njira imalowera m'mitengo. Sindinapitirire. Achimwene anatuluka, ndinawauza mawuwo monga ndinawalandirira. Anamuyeza tambalayo m'manja, anati ndi wonenepa. Anandipatsa dzanja, maso ali kumbali. Pamene ng'oma zinkayamba, ife tinali kale pamsewu, tikudikira minibasi.